Mfundo ya pa Chingwe cha Galu wa a Domingo

Ndikukumbukira chisanu cha chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene bambo anga anatsala pang'ono kupirikitsidwa m'mudzi chifukwa cha chinthu chimene ndinachita ine.

Tinkakhala kwawo kwa mayi, kumunsi kwa phiri la Mphunzi, bambo ali pachikamwini. Ankalima chimanga ndi mbatatesi monga wina aliyense, koma chimene ankadziwika nacho chinali kuweta agalu. Sanali agalu ongogona paphulusa ayi. Anali agalu antchito, othamangitsa anyani m'minda ya m'mbali mwa phiri ndi kulondera makola. Tiana ta galu tikangotsegula maso, bambo ankatigoneka m'khola la mbuzi kuti tikule tikudziwa fungo la mbuzi ngati la abale awo. Ntchito yanga inali yotiphikira phala la madeya ndi bonya, ndipo ndinkaikonda kuposa sukulu.

Bambo anali munthu wokayikira, kukayikira kwa matenda. Ukawapatsa moni wansangala kwambiri, ankakuyang'ana m'manja kuti aone chimene wabwerera. Galu wawo wamkazi, make wa agalu onsewo, anamutcha dzina loti Ndakuona, ndipo akamuitana mokweza, anansi athu ankadziwa kuti uthengawo si wa galu yekha. Amene dzinali linkawawawa kwambiri anali a malume Sitefano, achimwene awo a mayi. Iwowa anapemphapo mwana wa galu kawiri konse, bambo n'kuwakaniza, ati pakhomo pawo ana amagenda agalu ndi zitsononkho. Kuyambira pamenepo anthu awiriwa ankapatsana moni wa m'mano.

Umu ndi mmene bambo ankagawira agalu awo. Munthu akapempha, iwo ankayamba apita kwawo kukaona kumene galuyo azikagona ndi chimene azikadya. Wopemphayo akakhala wa ku Mozambique, nkhani inkatalika kuposa apo. Malire sali kutali ndi kwathu, ndi ulendo wa m'mawa umodzi panjinga. Anthu a mbali ziwirizi timalankhula chilankhulo chimodzi, timakwatirana, timalirana maliro, ndipo njira zodutsa m'minda n'zosawerengeka. Koma galu lamulo silimulola kuwoloka choncho. Ayenera akwane miyezi itatu, abayidwe katemera wa chiwewe, khadi lake lidindidwe, kenaka mwini wake atenge chilolezo kwa alangizi a ziweto ku boma n'kukadzera pachipata chenicheni cha pamalire. Bambo ankatsata zonsezi osadumphako chimodzi. Anthu ankawaseka kumbali kuti agalu a kwathu ali ndi mapepala kuposa eni mudzi.

Chaka chimenecho Ndakuona anabereka ana asanu ndi mmodzi. Awiri mwa iwo anali atalonjezedwa kwa a Domingo, mlimi wa kutsidya kwa malire amene anyani anali atamutopetsa. Tianato tili ndi masabata asanu ndi awiri, a Domingo anatulukira Loweruka m'mawa, dengu lili pakaliyala wa njinga. M'dengumo munali galu wamphongo wa miyezi ngati isanu, wofiirira, wa chifuwa chachikulu ndi mapazi otambalala. Sindinaonepo galu wokongola ngati ameneyo.

"Ameneyu ndi wanu, bambo," anatero a Domingo. "Magazi atsopano. Agalu anu asamangokwatirana pachibale. Ndiye poti ndafika kale, bwanji mungondipatsa awiri anga aja ndizipita nawo lero?"

Bambo sanamugwire galuyo. Anazungulira njinga yonse, manja ali kumbuyo.

"Mwadzera kuti?"

"Kuseri kwa madimba, njira yathu yomwe ija."

"Khadi lake lili kuti?"

A Domingo anaseka. "Khadi? Tamuonani maso ake mmene akuwalira. Wodwala amaoneka chonchi?"

"Chikomekome cha mkuyu," anatero bambo, osamaliza n'komwe mwambiwo. "Anu aja mudzatenga akabayidwa, ndipo adzadzera pachipata."

Ine ndinachita manyazi mpaka kutentha m'makutu. Munthu wapalasa ulendo wonsewo ndi mphatso, iwe n'kumufunsa mapepala ngati wapolisi! Mayi anawanong'oneza bambo kuti mphatso saibweza, ndipo pamenepo pokha anagonja. Koma galuyo sanamulole kuponda pabwalo. Anamutengera kudimba, kutsidya kwa kamtsinje, n'kumumangirira pamzati wa chisakasa chosungiramo mbatatesi. Anati akhala komweko mpaka alangizi a ziweto atamuona, ndiponso mpaka iwo eni atakhutira. Kumudyetsa ankamudyetsa okha, mbale akuikankha ndi ndodo.

"Wina asayandikire kumeneko," anatero, akuyang'ana mbali ya kwa a malume. Ine sanandiyang'ane.

Kwa masabata awiri ndinkamumva galuyo akulira ndikamapita kukatunga madzi. Kunkazizira kwambiri, chifunga chikugona m'dimba mpaka dzuwa litakwera, ndipo ine ndinkaona kuti bambo akumuzunza chabe pofuna kuonetsa kuti salandira kanthu kwa munthu. Lamulungu lachitatu ndinati m'mimba mukundipota. Onse atapita ku tchalitchi, ndinathamangira kudimba, n'kumasula chingwe, n'kubwera naye kukhola.

Anasewera ndi tiana tija mpaka mtima wanga unasangalala. Ankatigubuduza, kutinyambita, kutiluma m'makutu. Kenaka analuma kamodzi mwa tianato mwamphamvu, kanalira, khutu likutuluka magazi. Nditamukoka kuti asiye, anatembenuka n'kundigwira ndi mano pamkono, pamwamba pang'ono pa dzanja. Silinali bala loti munthu n'kulirira: timabowo tiwiri ndi kamzere kofiira. Ndinapukuta ndi tsamba, n'kutsitsa mkono wa juzi, n'kumubweza kudimba belu la tchalitchi lisanalire. Ndinamumangirira bwinobwino pamzati womwe uja.

M'mawa mwake bambo anabwera kuchokera kudimba nkhope ili gwa. Ndinawaona akuyenda pang'onopang'ono m'njira, maso ali pansi, kufunafuna mapazi. Anatola kagalu ka khutu lovulala kaja, n'kukayang'ana nthawi yaitali, n'kukabweza m'khola. Kenaka anaima n'kuyang'ana kwa a malume. Ine ndinkangotakasa phala, mutu uli pansi.

Lachinayi galu wa a Domingo anakana chakudya. Lachisanu anali akutafuna mzati ndi kuluma dothi, dovu likuchucha, mawu ake atasasa ngati si galu yemwe uja. Bambo anatumiza uthenga, ndipo Loweruka masana alangizi a ziweto anafika panjinga yamoto. Anali bambo wamfupi, wolankhula mofatsa. Anamuyang'ana galuyo ali patali, n'kunena kuti ndi chiwewe. Anamupha pomwepo, anthu ataunjikana m'mbali mwa dimba.

Atasamba m'manja, alangiziwo anafunsa funso limodzi mokweza kuti aliyense amve: kodi galuyu wakhudzapo munthu kapena chiweto m'masiku khumi apitawa? Anati ngakhale kabala kochepa ngati ka minga n'kokwanira. Wolumidwa akafulumira kuchipatala amapulumuka, koma zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala.

Ndinamva mawu amenewo onse, ndipo ndinawamvetsa. Mkono unali kundiyabwa mkati mwa juzi. Koma ndikunena zoona, nthawi imeneyo imfa inkaoneka yakutali, pamene bambo anali pomwepo. Ndinakhala chete.

"Alipo amene anamumasula galuyu Lamulungu," anatero bambo. "Anapita naye kukhola kwanga. Ndipo munthu amene sanali mu tchalitchi tsiku limenelo tonse tikumudziwa."

A malume Sitefano analidi atajomba, chifukwa anapita ku msika wa Mayani kukagulitsa nkhumba. Anaponya pansi nzimbe imene ankadya.

"Alamu, mukunena ine?"

"Munkafuna galu, ndinakukanizani. Mwaona kuti bola tonse tikhale opanda."

"Pamaso pa anthu onsewa? Padothi la amayi anga?" A malume anakweza mawu. "Mkamwini sakula mwendo chonchi. Mukapanda kuonetsa umboni lero lomwe, mupinde mphasa yanu mubwerere kwanu. Mlongo wanga ndi ana ndidzawasunga ndekha."

Aliyense ankadziwa kuti si mawu ongoopseza. Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndipo mkamwini amene wamunamizira mlandu woipa chotere sakhalitsa. Ndinayang'ana mayi, ndinayang'ana bambo.

Koma munthu wokayikira sayenda wopanda umboni. Bambo anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kachidutswa ka chingwe. Lolemba lija, atapeza kuti chingwe chamangidwa mosiyana ndi mmene iwo amamangira, sanachimasule. Anachidula uku ndi uku, n'kusunga mfundoyo ili yomanga.

"Ine ndimamanga mfundo yosathina khosi, aliyense akudziwa. Iyi si yanga."

Mfundoyo inayenda m'manja mwa amuna atatu, aliyense akupukusa mutu. Mayi anatambasula dzanja, n'kuilandira, n'kuitembenuza kamodzi kokha.

"Abambo ake Vero," anatero motsitsa mawu, powaitana ndi dzina langa, "mwamuna samanga chonchi. Umu ndi mmene timamangira mtolo wa nkhuni, kupinda kawiri n'kusomeka nsonga. Ndipo wosomekera kumanzere chonchi ndi wamanzere."

M'mudzi monse wamanzere wosenza nkhuni ndinali ine ndekha. Mayi anaika mfundo ija pansi. Anabwera, n'kugwada, n'kukweza mkono wa juzi wakumanzere. Panalibe kanthu. Anakweza wakumanja. Timabowo tija tinali titachita nkhanambo zakuda. Anafuula dzina langa kamodzi, mawu amene sindinawamveponso akutuluka pakamwa pawo.

Zotsatira zake zinachitika mofulumira. Alangizi anasambitsa balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ngakhale anati tachedwa nazo. Analemba kalata, n'kundikweza panjinga yamoto, bambo ali kumbuyo kwanga, mpaka kuchipatala cha pa boma. Ndinabayidwa jakisoni woyamba tsiku lomwelo, masiku asanu ndi limodzi chilumidwireni. Anamwino anatiuza masiku obwereranso, n'kunena kuti tisadumphe ngakhale limodzi. Bambo anafunsa kawiri kuti aone botolo la mankhwala, ndi tsiku lolembedwa pabotolopo.

Ndakuona anapulumuka chifukwa khadi lake linali lodindidwa chaka chilichonse. Anangomubayanso n'kumutsekera kwa kanthawi. Ana ake asanu ndi mmodzi anali asanafike msinkhu wa katemera, ndipo kupatula ka khutu lovulala kaja, palibe amene akanadziwa kuti ndi kati kanalumidwa, ndi kati kanangonyambitidwa. Alangizi anabweranso Lolemba. Mayi anandituma kuchigayo m'mawa umenewo, ndipo pobwera ndinapeza m'khola muli mbuzi zokha, tiana tonse titaphedwa. Ndakuona anakhala masiku atatu akununkhiza m'makona. Ndinalira mpaka maso kutupa, ndipo panalibe wondipepesa, poti panalibenso chondipepesera.

Bambo sanandimenye. Ndinkalakalaka atandimenya kuti zithe. Anagwira tambala, n'kupita naye kwa a malume anthu akuona, n'kukhala pansi padothi, n'kupepesa. A malume anawasiya akhale pamenepo kanthawi ndithu asanalandire tambalayo. Tsiku lotsatira bambo anapalasa njinga kupita kwa a Domingo, kudzera pachipata, kukawachenjeza za agalu ena obadwa pamodzi ndi uja, ndi za ana a pakhomopo. Anabwerako akunena kuti munthuyo analibe choipa mumtima, anangokhulupirira maso ake. Kwa bambo, kunena zotere za munthu chinali chinthu chachikulu.

Mawu awo kwa ine anadza pa ulendo wa jakisoni wachitatu. Tinali titaima m'mbali mwa msewu waukulu kudikira minibasi, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anavula jekete n'kundifunditsa, osandiyang'ana.

"Vero," anatero, "ndinayang'ana mapazi m'njira yonse ija. Ako ndinawaona. Ndinati awa ndi a mwana wanga, ankapita kumadzi."

Minibasi inafika, tinakwera.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo amati ndinatengera bambo, chifukwa galu wachilendo salowa pabwalo panga ndisanaone khadi lake, ngakhale atabwera ndi mlongo wanga weniweni. Ndinamvetsa kalekale kuti mapepala aja sanali osangalatsa boma, anali oteteza mkono wa mwana ngati ine. Koma chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse ndi chimene bambo ankandiuza pamsewu paja. Ndinakula ndikuganiza kuti iwo sakhulupirira munthu aliyense, osadziwa kuti analipo mmodzi amene ankamukhulupirira kotheratu, mpaka kukana umboni wa maso awo ndi kuika ukwati wawo pachiswe. Munthu ameneyo ndinali ine, ndipo ndinaima pafupi nawo ndili chete. Kuchokera chaka chimenecho mpaka tsiku limene anamwalira, bambo akandituma kanthu, ankadikira ndichoke n'kupita kukaona ngati ndachitadi. Zinkandipweteka nthawi iliyonse, koma sindinawadandaulepo.