Choso Chachikazi cha Kuseri kwa Nyumba Yanga

Sabata ino kuseri kwa nyumba yanga ku Chiuaula, m'tauni ya Vila Cabral, kunabwera kambalame. Kanatera pa maluwa ofiira amene anabzala malemu amuna anga, a Saide, n'kumamwa timadzi ndi mlomo wake wautali wopindika. Ndinadziwa kuti ndi choso. Koma sichinali cha mtundu umene timauona masiku onse.

Ndinatembenuka kuti ndinene kuti, "Taonani, bambo." Kunalibe munthu. Pakamwa sipaiwala msanga.

A Saide ankaperekeza anthu okonda kuona mbalame kuno ku Vila Cabral. Lamulungu lililonse ankapita nawo kunkhalango za ku Chimbonila: a Daudi a kuchipatala, aphunzitsi awiri, ndi mzungu wina wa ku ofesi amene anali ndi magalasi oonera patali. Nanenso ndinkatsatira, nditasenza madzi. Pobwerera onse ankakhala pakhonde pathu kukangana za nthenga mpaka tiyi kuzizira. Panali choso china chosowa chimene ankachifuna kwambiri, koma sanachione.

Chimwalirireni amuna anga, khondelo lili zii. Pa miyezi ya eda, pamene wamasiye satuluka, anthu ankabwera ndi nkhuni ndi ufa. Eda itatha, njira inamera udzu.

Tsono nditaona kambalameko ndinavala nsalu yabwino n'kupita kuchipatala kukauza a Daudi. Ndisakunamizeni: sindinkafuna mbalame yokha. Ndinkafuna kuti anthu aja abwerenso.

A Daudi anabweradi, atabwereka magalasi a mzungu. Tinakhala pa mphasa, mphepo yozizira ikuwomba kuchokera ku mitengo ya paini. Kambalame kanafika. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anatsitsa magalasi.

"Amayi, ichi n'chachikazi."

"Ndaona, bambo. Nanga n'cha mtundu uti?"

"Apo m'povuta. Zazikazi zonse n'zotuwa, zimangofanana. Chachimuna ndicho chimawala pakhosi ndi pachifuwa. Chikabwera chachimuna, mudzatumize mawu, tidzabwera tonse."

"Chikapanda kubwera?"

Anaseka pang'ono. "Ndiye kuti sitinaone kanthu, amayi. Pasiyensiya, lezani mtima!"

Sanalakwe a Daudi. Ndi mmene amachitira anthu a mbalame, ndipo ndi munthu wabwino. Tiyi wanga anamwa. Koma atapita ndinatsala ndikudzifunsa: kodi kambalame kaja sikanali pamaso pathu? Kali ndi kamzere koyererako pamwamba pa diso. Pamimba pali chikasu chozilala, ngati nsalu yochapidwa kambiri. Zimenezi si nthenga?

Inu owerenga, taganizani za mmene timachitira m'mudzi muno. Mkazi timamudziwa ndi mwamuna amene waima pambali pake. "Akazi a kalipentala." "Akazi a shehe." Mwamunayo akagona m'manda, timasowa pogwira. Sitimuda wamasiyeyo, ayi. Timangomupatsa moni tili panjira, osapatuka, chifukwa sitidziwa kuti tikakhala pansi tiyankhula naye zotani. Kale tinkacheza ndi mwamuna wake, iye ankangobweretsa madzi.

Amati mutu umodzi susenza denga. N'zoona. Koma mutu wotsalawo umakhalabe pansi pa dengalo, mvula ikudontha.

Mawu sindinatumize, chifukwa chachimuna sichinabwere. Mwina chinagwidwa pa ulimbo. Mwina chili kutsidya kwa phiri. Chachikazi chikubwerabe, ndipo ndikuchiona ndekha. Lamulungu lino ndinamva galimoto ya mzungu ikudutsa pamsewu, kulowera ku Chimbonila, anthu akuseka m'katimo. Sinaime.

Pafupi ndi inu pali khomo limene munasiya kupondapo chiikireni maliro. Mwini wake akadali momo, akusesa, akuphika, akuona zinthu zimene alibe womuuza. Inu mukudikira kuti pabwere yani kuti mukagogode?