Matiresi a Mkamwini

Ndinapita ku Dubai kukaonetsa maso kwa madokotala. Mliri wa korona utabuka ndege zinaima, ndipo ndinatsekeredwa m'nyumba ya mwana wanga wamkazi ku Al Garhoud, pamodzi ndi mwamuna wake, wa ku Chipata, wonyamula katundu pabwalo la ndege.

Tsiku lina pa wailesi yakanema anaonetsa za eni dziko la Canada, amene kale ankagulitsa zikopa za nyama kwa Azungu. Mkamwini ankandimasulira. Akuti nthomba inkayenda ndi mabwato a malonda, ikafika pamudzi osasiya ngakhale wokumba manda. Ine nthomba ndinaiona ndili mwana. Inatenga mlongo wanga. Ndinayang'ana mkamwini, munthu wogwira katundu wa maiko onse, n'kuyang'ananso mwana wanga. Mtima sunakhale pansi.

Kwathu nthomba ikalowa, mudzi unkadika. Mwamuna ndi mkazi ankasiyana mphasa mpaka matenda atapita, chifukwa thupi lotentha limakulitsa nthenda. Koma zotere bambo sakamba ndi mwana wake wamkazi. Ndinangotenga matiresi apadera n'kuyala pabalaza, pafupi ndi pogona panga.

"Apongozi, aya ni a ndani?" anafunsa mkamwini.

"Anu."

"Manje nalakwa chani?"

"Simunalakwe. Mudzi ukudika."

Anayamba kuseka, ataona nkhope yanga analeka. "Khalas, basi," anatero, n'kupita kukatenga pilo.

Mwana wanga anayesa. "Bambo, madokotala akuti tizingosamba m'manja."

"Sambani. Awa agona pano."

Anagonadi, miyezi. Mkonono wake ndinaupirira. Iye ndi mwana wanga anayamba kundisamala kwambiri. Tikangodya masana ankati, "Kayendeni pamasitepe, Bambo, magazi ayende. Musafulumire." Ndinkatsika mpaka pansi, kucheza pang'ono ndi mlonda, n'kukweranso pang'onopang'ono. Ndinkati ana aulemu ndi amenewa.

Kenaka mwana wanga anayamba kufooka. Chakudya ankakana, m'mawa ankasanza. Ndikamuyang'ana ndinkaona nkhope ya mlongo wanga. Mkamwini anamutengera kuchipatala ku Oud Metha, ine n'kutsala pampando nditavala nsapato, osadziwa kumene ndikanathamangira.

Atabwera, mwana wanga anangodutsa kulowa kuchipinda, nkhope atabisa. Mkamwini anagwada patali n'kuomba m'manja, chinthu chimene sanachitepo chibwerere changa.

"Korona palibe, apongozi."

"Nanga n'chiyani?"

Anayang'ana pansi. "Ni matenda yabwino. Tiyembekeza mlendo, inshallah."

Sukulu ndinalekeza pulayimale, koma zimenezo ndinamva. Lamulo langa analiswa, m'nyumba imene ndinkailondera ndekha. Kwathu ukanakhala mlandu wa mbuzi. Ndinamusiya agwade kaye kuti mawondo amve. Kuchipinda ndinamva mwana wanga akuseka, kuseka kwa munthu wamoyo.

Ndinavula nsapato.

"Chotsani matiresi anuwa," ndinatero. "Akungonditsekera njira."