Poto Amene Amayi Anaboola

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga a Zuze anabwera kuchokera ku Nsanje kudzakhala nafe ku Chemusa. Sukulu anali atamaliza, koma ntchito sinkaoneka, ndiye anadzipezera yawoyawo. Ankazungulira kwa ogulitsa zitsulo zakutha kufunafuna tizidutswa totuwa, n'kumatisungunula pambaula kuseri kwa bafa. Ankati m'tizidutswamo muli chitsulo chotchedwa bizimafu, ndipo ukachilekanitsa ndi zinyalala zake chimakongola koopsa. Amayi ankangoseka, amvekere mlongo wawo wapenga ndi mavidiyo a pafoni.

Tsiku lina anandionetsa chimene chinatuluka. Kanali kanthu kokhala ngati timasitepe topindikapindika, konyezimira buluu, pinki ndi golide, ngati oyilo wagalimoto pamadzi a mvula. Ndinachita kakasi, poti ine ndinkadziwa kuti chitsulo chimangochita dzimbiri basi.

Poto amene ankasungunuliramo anagula okha ku msika wa Zingwangwa. Vuto linali lakuti amayi anga sankatha kuona chiwiya chikungokhala. Botolo la mafuta linkasanduka la mchere, chitini cha mkaka chinkasanduka kapu ya kubafa. Loweruka lina malume atapita kutauni, amayi anamupeza potoyo kuseri, ndipo zinawawawa kuti poto wabwinobwino akungowotha dzuwa. Anamukwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka anawala, n'kuphikamo phala la Tadala, mng'ono wanga amene anali asanayambe kuyenda.

Ineyo ndi amene ndinkamudyetsa pakhonde pamene malume anatulukira pakona ya nyumba. Anaona poto wawo ali pambaula, anaona supuni ili m'kamwa mwa mwana. Anathamanga n'kumenya mbale ili m'manja mwanga, phala lonse n'kumwazikira pakhoma. Tadala analira mokuwa. Ine thupi linauma gwa, chifukwa munthuyu anali asanandikalipirepo ndi kamodzi komwe.

Amayi anatuluka maso ali psu, kufunsa ngati ufa pakhomopo timachita kutola pamsewu.

"Achemwali, m'potomo munali mtovu," anatero malume. "Ndi umene ndimauchotsa m'chitsulo chija. Umawononga ubongo wa mwana."

"Koma ndakwecha mpaka wawala, iwe Zuze."

"Mtovu suchoka ndi mchenga, achemwali. Wadya lambiri bwanji?"

Onse anatembenukira kwa ine, ndipo ndinayankha ndikulira kuti masupuni ochepa chabe. Amayi anabereka mwana n'kuuyamba wa ku chipatala osavala ndi nsapato zomwe. Kumeneko anawauza kuti popeza wadya pang'ono azingomuyang'anira, koma potoyo asaphikemonso chakudya mpaka kalekale. Miyezi yotsatira amayi analibe mtendere. Tadala akachedwa kuseka, mtima wawo m'mwamba. Akagona kwambiri, ankamudzutsa dala. Mwamwayi anayenda pa nthawi yake, ndipo lero ndi wolongolola kutiposa tonse.

Komabe chimene chinandidzidzimutsa kwambiri chinachitika m'mawa mwake. Malume ananyamula potoyo kuti akamutaye kudzala. A Nagama, mayi woyandikana nafe nyumba, anawaimitsa n'kupempha kuti m'malo motaya angowapatsa, azikaphikiramo nyemba. Malume anayesa kufotokoza, koma mayiwo anangoseka, amvekere iwo adzakwecha bwino kuposa amayi anga.

Amayi anamulanda potoyo m'manja mwa malume. Anatenga msomali waukulu ndi mwala, anakhala pansi, n'kuyamba kumuboola kunsi. Anaboola mpaka anakhala ngati sefa, misozi ili chuchuchu. A Nagama anachoka akung'ung'udza kuti anthu ena ndi oumira, ndipo anatha nthawi yaitali osatipatsa moni.

Panthawiyo ndinkaganiza kuti amayi achita zimenezi chifukwa cha mkwiyo. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimamvetsa zimene ankadziwa. Kwathu kuja chinthu chabwino sichigona padzala. Akanangomutaya wamphumphu, dzuwa lisanalowe mwana wa munthu wina akanadyeramo phala.