A Dinani ndi Chogwirira Chosatsegula Chitseko

Pa nyumba ina ya maofesi panali chitseko chagalasi chokhala ndi chogwirira chamkuwa, chonyezimira ngati cha bokosi la maliro a munthu wolemera. Chogwiriracho sichinkatsegula kanthu. Chitseko chinkatseguka munthu akadina kabatani kotuwa kamene kanali pakhoma, cha m'mawondo, kuseri kwa bini.

Anthu ankakoka, kukankha, ena mpaka kuponda khoma ndi phazi kuti apeze mphamvu. Eni nyumba ataona kuti galasi lisweka, analemba ntchito bambo wina woti aziima pamenepo n'kumauza anthu kuti, "Dinani apa." Dzina lawo lenileni linafera pomwepo. Ngakhale akazi awo ankawaitana kuti a Dinani.

Ntchito yawo ankaidziwa. M'mawa uliwonse ankapukuta chogwirira mpaka kuthobwa m'maso, kabatani n'kukasiya ndi fumbi lake. Munthu ankamulekerera kuti akoke kaye, thukuta lituluke, kenako n'kumulozera pansi. Ana awo onse anakula ndi chala chimenecho.

Tsoka linabwera ndi mkamwini wawo, amene ntchito yake inali yokonza zipangizo kuti zisamavutitse anthu. Eni nyumba atamuitana, iye anakhala pampando tsiku lathunthu akuyang'ana manja a olowa.

"Bambo, apa maso akunamiza dzanja," anatero mkamwiniyo kwa a Dinani. "Batani tiliike pachogwirira, pamene dzanja likuthamangira kale. Munthu azingogwira, chitseko n'kutseguka."

"Nanga ine ndiziloza chiyani, akamwini?"

"Muzipuma, bambo."

"Kupuma n'kumanda. Ine ndinakupatsani mwana wanga, inu mukundibwezera chitseko chomvera? Chabwino, chikonzeni. Tikubwera kudzakhala kwanu, ine, apongozi anu aakazi ndi alamu anu onse. Ndizidzaima pakhomo la kuchipinda kwanu n'kumakuuzani podina."

Mkamwini anaganizira kanyumba kake ka zipinda ziwiri. Mawa lake anakauza eni nyumba kuti vuto la chitsekocho n'lakuti sichikuoneka bwino, chakongola mbali imodzi yokha. Anamangirirapo chogwirira chachiwiri, chachikulu kuposa choyamba, chogoba maluwa.

Masiku ano anthu amakoka ndi manja onse awiri, ena amayamba aika katundu pansi. A Dinani ntchito yawachulukira moti anawagulira ndodo yolozera, poti msana wayamba kukana kuwerama.