Nyali Yomwe Ndinaiphimba ndi Tepi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume anga, omwe amapikula usipa ku Senga Bay. Nditamaliza maphunziro a zamagetsi a galimoto ndinakhala chaka chathunthu kwathu ku Chinguluwe, ndikupalira mpunga ndi mayi anga, satifiketi ili m'sutikesi. Tsiku lina malume anaimba foni. "Esinati, galaja ya bambo Amidu ikufuna munthu wa mawaya. Mawa ukwere kabaza, ovolosi yako usaiwale."

Galajayo inali kuseri kwa malo ena ogona alendo, pamchenga, pansi pa mitengo iwiri ya mango. Bambo Amidu anali aafupi, a ndevu zaimvi, osakonda zolankhulalankhula. Anandiyang'ana, nayang'ananso malume.

"Ndimayesa mwana wa mlongo wanu munkanenayo ndi mwamuna."

Sanadikire yankho. Anandilozera pikapu ya hutala yosalira. Ndinapeza kuti waya wopita ku bodi ya galimoto wadyeka ndi dzimbiri, ndinapala, ndinamanga, hutala inalira. "Ubwere Lolemba," anatero.

Pagalajapo panali azibambo awiri owotcherera zitsulo, ndipo masabata oyamba anthu odutsa ankaima kudzaona mkazi atagona pansi pa galimoto. Akabaza ankachita kuitanizana. Ndinalumbira mumtima kuti pamalo amenewo palibe adzandimve ndikunena kuti ndalephera, kapena kuti ndithandizeni.

Ntchito yomwe galajayo inatchuka nayo inali ya magalimoto ogonamo, aja amachotsa mipando ya kumbuyo n'kuikamo bedi, kabati ndi kasitovu. Alendo oyenda maiko ankabwera nawo atawonongeka, ena ankafuna kuti tiwaikire mpando wozungulira, woti munthu wa kutsogolo azitha kutembenukira mkati galimoto ikaima. Poyang'ana ndi ntchito yophweka: mabauti anayi ndi chimbale chachitsulo chomwe chimalowa pakati pa mpando ndi miyendo yake. Chovuta ndi waya wachikasu amene amadutsa pansi pa mpandowo. Wayayo amapita ku eyabagi, chithumba chija chimafufuma pa ngozi kuti munthu asamenyetse mutu kapena nthiti pa chitsulo. M'magalimoto ena chithumbacho chimakhala m'mbali mwa mpando momwemo.

"Waya wachikasu si mnzako," anandiuza bambo Amidu tsiku loyamba. "Uzimitse galimoto, uchotse kiyi, umasule mutu wa batire wa negativi ndi sipanala ya teni, kenako ukhale pansi mphindi khumi ndi zisanu. Moto umatsalira m'kabokosi kake. Ndipo usadzamuyeze ndi tesita, angakuphulikire kumaso."

Zotsalazo anandionetsa ndi manja. Ukazula pulagi yachikasu, waya azidutsa pa bowo la pakati pa chimbale, pomwe sipayenda mpando ukamazungulira. Umusiyire mpata, asakhale chokokeka, umumange ndi timalamba tapulasitiki. Pomaliza ubwezere batire n'kutembenuza kiyi. Pa dashibodi pali kanyali kofiira ka munthu wokhala pampando, mpira uli patsogolo pake. Kanyaliko kayenera kuyaka masekondi ochepa n'kuzima kokha. Kakakhala chiyakire ndiye kuti pali vuto, ndipo m'magalimoto ambiri zithumbazo sizingafufume ngakhale galimoto itawomba mtengo.

Ndinali nditagwira miyezi inayi pomwe kunabwera bambo Kachingwe a ku Salima boma. Iwo sanali mlendo woyenda maiko. Anapuma ntchito yoyendetsa sitima ya pamtunda, ndipo akazi awo anadwala sitiroko yomwe inawafoola mbali ya kumanzere. Sabata iliyonse ankapita nawo ku Lilongwe kukapanga mafizo masiku awiri otsatizana. Atatopa ndi kuvutitsa abale pa malo ogona, anagula kaminibasi kakale n'kuikamo bedi. Vuto linali lakuti mayi akafuna kugona, ankayenera kutsitsidwa pa chitseko cha kutsogolo n'kukwezedwanso pa chitseko cha m'mbali, ndipo msana wa bambo Kachingwe unali utayamba kukana. Ankafuna mpando wa mayiwo uzitembenukira ku bedi.

Ntchitoyo tinaigwira Lachisanu. Mmawa bambo Amidu ndi owotcherera aja ananyamula mpando, anaika chimbale, anabwezera mpando pamwamba pake n'kumanga mabauti. Nthawi itakwana bambo Amidu anasamba m'manja, navala kofia yawo.

"Ine ndikupita ku Juma, kumzikiti. Watsala waya. Ukudziwa chochita."

Nditagwada kuti ndilowetse waya, ndinaona kuti talakwitsa dongosolo. Waya amayenera kulowa pa bowo mpando usanakhale. Tsopano mpando unali utatseka pamwamba, pulagi sinkadutsa. Njira inali imodzi: kumasula mabauti anayi aja ndi kupempha owotcherera kuti andinyamulire mpando, chifukwa ndi wolemera. Ndinawayang'ana ali pamthunzi akudya chinangwa, akuseka zawo. Ndinamva kale m'makutu mwanga: mayi wa mawaya zamukanika.

Ndinadutsitsa waya m'mbali mwa chimbale.

Ndinalumikiza pulagi, ndinabwezera batire, ndinatembenuza kiyi. Kanyali kanayaka, kanazima. Mtima unakhala pansi. Kenako ndinakoka chogwirira n'kuzunguliza mpando mpaka kumbuyo, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Nditatembenuzanso kiyi, kanyali kanayaka osazima.

Waya anali atapanika pakati pa zitsulo ziwiri, khungu litasupuka, kamodzi mwa timawaya ta mkati katadukiratu. Ndinachotsa batire, ndinapotokola mbali ziwirizo pamodzi, ndinakulunga tepi, zomwe ndinkadziwa bwino kuti pa waya wachikasu sizichitika. Kanyali sikanazime. Ndinayesa kachiwiri, thukuta likulowa m'maso. Sikanazime. Kumzikiti anthu anali atayamba kutuluka, ndinkaona mikanjo yoyera pamsewu.

Zomwe ndinachita kenako zinanditengera mphindi zisanu zokha. Ndinamasula masikuluwu anayi a dashibodi, ndinatulutsa galasi la mawotchi, ndinadula katepi kakuda kochepa ngati chikhadabo n'kukamata kumbuyo, pomwe kanyali kamawalira. Ndinabwezera zonse. Waya wolumikiza uja ndinamukankhira pansi pa kapeti.

Bambo Amidu atafika anazunguliza mpando, unagwira bwino, khe.

"Nyali?"

"Yazima," ndinayankha.

"Alhamdulillah."

Madzulo a tsiku lomwelo a Kachingwe anabwera kudzatenga galimoto. Bambo anawakhazika mayi pampando, anakoka chogwirira, mayi anatembenuka pang'onopang'ono mpaka mawondo awo anagunda bedi. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsika. Anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamanja, osafuna kulisiya.

Panapita masabata awiri. Msewu wa ku Lilongwe ndimaudziwa, mapiri ake, makhotakhota ake, mathiraki ndi mbuzi zodumpha mosayembekezera. Woyendetsa minibasi akangotchula ngozi pagalaja, ndinkasiya ntchito n'kutchera khutu mpaka nditamva mtundu wa galimoto. Tsiku lililonse ndinkati lero ndiwauza bambo Amidu. Tsiku lililonse kunena kunkalemera kuposa dzulo lake.

A Kachingwe anabwera Lachitatu mmawa, asanauyambe ulendo wa ku Lilongwe, mayi ali pampando wawo atafunda chitenje pamiyendo. Bambo Kachingwe anatsika, anapereka moni kwa aliyense, kenako anandiitana.

"Mwanangu, takhala apa pa chiwongolero. Tembenuza kiyi, usalize injini. Undiwerengere nyali zomwe zayaka."

Ndinawerenga mokweza. Ya batire, ya oilo, ya injini, ya buleki, ya lamba.

"Zisanu," anatero. "Kale zinkayaka zisanu ndi imodzi. Ine pa sitima sindinkanyamuka ndisanaone kuti nyali zonse zochenjeza zili moyo. Imene siyaka n'komwe ndiyo ndimaiopa kwambiri. Poyamba ndimati ndi maso anga okalambawa."

Bambo Amidu anasuzumira. "Mwina babu lapsa. Esinati, tsegula tione."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinaulula pomwepo, sikuludiraiva isanakhudze sikuluwu. Sindinatero. Ndinamasula onse anayi, mmodzimmodzi, ndikuyembekezera chozizwitsa chomwe sindikudziwa. Nditatulutsa galasi lija, bambo Amidu analilanda n'kulitembenuza. Katepi kanali pomwepo, kodulidwa mwaukhondo. Anakamatula ndi chikhadabo, analumikiza galasi, anatembenuza kiyi. Kanyali kofiira kanayaka, ndipo tonse tinakayang'ana kakukana kuzima.

Owotcherera anazimitsa gilayinda.

"Ndinakufunsa," anatero bambo Amidu, motsitsa mawu.

"Munandifunsa."

"Unati yazima."

Iwo anatukula kapeti, anaona waya wokulungidwa tepi, anapuma mozama. "Astaghfirullah, Mulungu atikhululukire." Kenako anavula kofia, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita pamaso pa kasitomala, natembenukira kwa bambo Kachingwe. "Achimwene, galaja ndi yanga. Sindinayang'ane pansi pa mpando. Ndikhululukireni."

Akanandimenya mbama zikanandipepukira. Munthu wamkulu, wa mbiri yabwino, ankapepesa bodza langa.

"Ine musandipepese," anayankha bambo Kachingwe. "Amene amakhala pampandopo ndi awo."

Ndinazungulira galimoto, ndinatsegula chitseko cha mayi, ndinagwada pamchenga. Ndinawauza zonse: za bowo, za kuopa kusekedwa, za waya, za tepi. Ndinawauza kuti masabata awiri onsewa, galimoto ikanagundidwa mbali yawo, chithumba chowateteza sichikanafufuma. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Matenda aja anawalemeretsa lilime, choncho mawu awo ankatuluka amodziamodzi, ndipo panalibe kothawira, ndinayenera kudikira liwu lililonse.

"Kuchipatala kuja ndawauza amayi onse kuti mpando wanga anakonza mwana wamkazi. Ena anabwera kudzauona. Wina akuti mwana wake amutumiza kusukulu ya umakaniko." Anapuma, napukuta pakamwa ndi chitenje. "Tsono ndikawauze chiyani?"

Ndinalira ngati mwana, anthu onse akuona, akabaza omwe ataima pamsewu.

Bambo Amidu ananena kuti galimoto siichoka mpaka waya watsopano abwere kuchokera ku Lilongwe, ndipo kuti akonza okha. Bambo Kachingwe anakana. "Akonze yemweyo. Ine ndidzakhala pompano." Anabwerera ku boma pa galimoto ya matola, ndipo mayi anajomba mafizo sabata imeneyo chifukwa cha ine.

Waya anafika mawa lake pa minibasi ya masana. Bambo Kachingwe anakoka benchi n'kukhala pafupi. Nditachotsa batire, anayang'ana wotchi yawo, ndipo tinadikira mphindi khumi ndi zisanu osalankhulana. Ndinazula pulagi, ndinamasula mabauti anayi, kenako ndinapita kwa owotcherera aja.

"Ndithandizeni kunyamula mpando."

Anadzuka onse awiri, anaunyamula, anaugwirira mpaka waya atadutsa pa bowo la pakati, anaukhazika. Sizinathe mphindi ziwiri. Palibe anaseka.

Ndinasiya mpata, ndinamanga timalamba, ndinalimbitsa mabauti. Bambo Amidu analumikiza kompyuta yoyezera n'kufufuta vuto lomwe kabokosi ka eyabagi kanasunga. Ndinazunguliza mpando uku ndi uku kakhumi, ndikuunika pansi ndi tochi kuti ndione ngati waya akukhudza chitsulo. Kiyi anatembenuza bambo Kachingwe okha. Kanyali kanayaka, kanazima. Anagwedeza mutu, nandifunsa ngati pali china choti adziwe. Ndinawauza kuti galimoto isamayende mpando usanayang'ane kutsogolo ndi kugwira, chifukwa lamba ndi zithumba anazipangira munthu woyang'ana kutsogolo. Anati amva.

Bambo Amidu sanandichotse ntchito. Sanandikalipirenso. Koma kwa miyezi yambiri sanandifunse funso lililonse lokhudza galimoto. Ndikamaliza ntchito ankabwera, kugwada ndi mawondo awo owawawo, n'kuyang'ana okha. Ndinkaima pambali ndikudziwa chomwe chawagwaditsa.

Lero ndili ndi kagalaja kangakanga ku boma. Mipando yozungulira ndaika yambiri, ndipo waya wachikasu woduka sindilumikiza, ndimasintha wonse. Galimoto isanachoke ndimamukhazika mwini wake pa chiwongolero, ndimamuonetsa kanyali kaja, kuti adziwe mmene kamayakira ndi mmene kamazimira, asadalire mawu anga okha. Kulakwitsa waya si chimene ndimachita nacho manyazi, amakaniko tonse timalakwitsa. Manyazi anga ndi akuti galimoto inkanena zoona, ine ndinaitseka pakamwa kuti anthu awiri odya chinangwa asandiseke.

Mayi Kachingwe anamwalira patapita zaka zitatu. Ndinapita ku maliro, ndinatunga nawo madzi, ndinatsuka nawo mbale. Sindinadziwe chomwe anakawauza amayi a kuchipatala aja, ndipo sindinalimbe mtima kufunsa. Amayi a mpingo ankafotokozerana kuti anatsirizika mwamtendere, kunyumba, amuna awo atawagwira dzanja. Ndili pakati pawo ndinathokoza Mulungu chamumtima pa chinthu chomwe sindikanauza munthu aliyense pamalirowo: kuti mayiwo anafera pa bedi lawo, osati pa mpando wanga.