Chidindo cha patapata

Fungo la inki ya chidindo kuntchito kwathu limandibwezera ku Chiponde.

Ndili sitandade 3, ndinkafuna kudzakhala ngati mayi wina wa pachipata cha m'malire amene ankadinda ziphaso za anthu opita ku Mozambique. Ngakhale bambo anga, munthu wosagonjera aliyense, ankatsitsa mawu akafika pawindo lake. Kwa ine kupambana kunali kumeneko basi.

Tsiku lina ndinasema chidindo changa pa patapata wakutha, n'kuchipaka inki ya bolopeni. Pepala loyeserapo linasowa, ndiye ndinadinda m'chiphaso cha bambo. Ndinapukuta ndi malovu, koma inki inakana kuchoka.

M'mawa mwake bambo ananditenga panjinga, thumba la usipa wokagulitsa lili kumbuyo. Tinaima pamzere pachipata paja. Chiphasochi akachikana, usipawu tikaugulitsa kuti?

Mayi uja anachitsegula.

"Bambo, chidindo ichi n'cha dziko liti?"

Bambo anavula chipewa. "Chiti, mayi?"

Bambo anawerama n'kuchiyang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa ine pang'onopang'ono. Chala changa chachikulu chinali chidakali chabuluu. Ndinachiponya m'kamwa.