Envulopu Imene Ndinabisira Msuweni Wanga

Woyenda zaka zisanu ndi ziwiri zonsezo ndinali ine. Sukulu ikatsekera ku Kande, kumene ndinkaphunzitsa, ndinkapalasa njinga kupita ku Chintheche, nthawi zina kukwera sitima mpaka ku Usisya, kukafunsa achibale kuti uje anabereka yani, anakwatira kuti, anagona manda ati. Ndinkalemba pa chilichonse: kuseri kwa mapepala a mayeso, pa mapaketi a fodya. Pa khadi lachipani pokha ayi, moyo ndinkaufuna.

Timapepalato ndinkatimanga ndi luzi, nyumba iliyonse mtolo wake, n'kutisunga m'chitini cha mabisiketi. Panalinso mtolo wa zosowa poika: malire a minda ya chinangwa, nkhani za machona athu a ku Halale. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti abale azidziwa kuti wosunga mtundu wathu ndine.

Kenaka msuweni wanga, kalaliki wa ku boma, anabwereka chitinicho. Patapita milungu iwiri anabwera ndi chipepala chachikulu chotayipa, mizere yowongoka, munthu aliyense m'bokosi mwake. Pansi anasaina dzina lake. Langa, ng'o. Amalume aakulu anachiika m'felemu pabalaza, n'kumauza aliyense kuti, "Mwana uyu ndi mutu!" Ine, amene njinga inanditupitsa matako, ankandituma kukatenga mpando woti mutuwo ukhalepo. Nsanje inandidya, sindibisa. Ndinafika podana ndi kamvekedwe ka nsapato zake.

Koma ndinali ndi kanga kam'thumba. Ndisanapereke chitini ndinachotsamo envulopu imodzi, kuti ndikhale ndi kanthu kamene iye sakudziwa. Pa envulopuyo ndinalembapo zimene anandiuza mchona wina wa ku Mpamba: amalume aang'ono, amene anafera ku Halale, anasiyako mwana wamkazi. Dzina lake linali pamenepo.

Chaka chotsatira, Loweruka lina masana, kwa amalume aakulu kunafika mayi wonyamula kasutikesi, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Chitonga sankachidziwa, Chichewa chake chinali chothyokathyoka. Anati akufuna kwawo kwa bambo ake, ndipo anatchula dzina lake. Linali dzina la pa envulopu lija.

Masiku amenewo mlendo wochokera kunja sunkangomugoneka, umayenera kukhala ndi choyankha kwa anyamata achipani. Amalume anatsitsa felemu ija. Msuweni anayendetsa chala bokosi ndi bokosi.

"Ada, muno mulibemo," anatero kwa amalume.

Ine ndinaima pakhonde, chete. Ndinkadikira kuti wina anene kuti, "Tafunsani aphunzitsi." Kunena zoona ndinkamva kukoma, ndipo ndinkafuna kalalikiyo ayambe wamira bwinobwino ndisanamuvuule. Palibe anandicheukira.

Ndinapita kunyumba kukatenga envulopu, osathamanga. Ndinasintha malaya, ndinapesa tsitsi, kuti pochititsa munthu manyazi ndioneke bwino. Pobwerera ndinapeza amalume akupachikanso felemu. Mayi uja anali atamuperekeza kumsewu. Apo ndiye ndinathamanga, koma ndinangopeza fumbi la basi. Palibe amene anamufunsa keyala yake.

Envulopu ndinaibweza m'thumba. Ndikanaionetsa, akanandifunsa kuti nanga pakamwa panga panali pati. Amati chibale ndi fupa sichiola, ndipo mwambiwu ndinapitiriza kuwaphunzitsa ana a eni m'kalasi, nkhope ili gwa.

Msuweni anamwalira akutamandidwabe. Chaka chatha adzukulu anabwera kudzalowetsa chipepala chake mu kompyuta, ndipo anandifunsa ngati pali wotsala. Ndinatsegula chitini chija, mmene ndinadzabwezeramo envulopu ija, ndinawapatsa. Anam'pangira mayi uja bokosi lake m'kanthawi kochepa, kenaka anati makinawo akufuna kudziwa kumene amakhala, ana ake, ngati ali moyo.

"Agogo, inu mumadziwa zonse, tiuzeni."

Mawu amene ndinawadikira moyo wanga wonse. Ndinawauza zomwe ndikudziwa: anabwera ndi kasutikesi, anaima padzuwa, ndipo sitinam'patse ngakhale madzi akumwa.